Mitengo, Dothi ndi Mpweya: Mmene Chilengedwe Chimathandizira Kukhazika Mtima Pansi

Kupsinjika maganizo ndi vuto limene limagwira anthu a misinkhu yonse, ndipo ngakhale kuti magwero ake amasiyana, monga ngongole, matenda, maliro, mayeso kapena kusowa kwa ntchito, zimene limachita m'thupi la munthu zimafanana kulikonse. Pa zaka zoposa 40 zapitazi, akatswiri a zachipatala ndi a za kaganizidwe ka anthu ku Japan, ku America ndi ku Britain akhala akufufuza ngati kukhala pakati pa mitengo, udzu ndi madzi kumachepetsadi vutoli, kapena ngati ndi chikhulupiriro chabe cha anthu otopa ndi moyo wa m'tauni. Zimene apeza zikusonyeza kuti phindu lilipo ndithu, ngakhale kuti si lalikulu monga mmene otsatsa malonda amalikokomezera, ndipo zikuoneka kuti munthu amapindula kwambiri akamagwiritsa ntchito maso, makutu, mphuno ndi khungu lake mwadala kusiyana ndi kungopezeka pamalopo maganizo ali kwina. Njira zobwezera maganizo pa zimene thupi likuona ndi kumva pa nthawi yomweyo zimatchedwa grounding m'Chingerezi, ndipo alangizi a za maganizo amaziphunzitsa kwa anthu ovutika ndi nkhawa komanso amene anakumana ndi zoopsa zomwe zimabwerabwera m'mutu.

Zimene nkhawa imachita m'thupi

Munthu akaona choopsa, kapena akangochiganizira, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso, ndipo tiziwaloti timatulutsa mahomoni, omwe ndi timadzi toyenda m'magazi tonyamula malangizo kupita ku ziwalo zina. Homoni yotchedwa adrenaline imafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kupuma nthawi yomweyo, pamene ina yotchedwa cortisol imabwera pang'onopang'ono n'kuwonjezera shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu. Walter Cannon wa pa yunivesite ya Harvard anafotokoza mu 1915 kuti kusintha kumeneku kumakonzekeretsa nyama kulimbana ndi mdani kapena kuthawa, ndipo mu 1936 Hans Selye, yemwe ankagwira ntchito ku Montreal, anasonyeza kuti makoswe amene asautsidwa kwa nthawi yaitali amayamba kudwala mpaka kutuluka zilonda zam'mimba.

Dongosolo limeneli ndi lothandiza pa ngozi ya kanthawi, monga galu wolusa akatulukira panjira, chifukwa ngoziyo ikatha thupi limabwerera mwakale. Vuto limabuka pamene choopsacho sichichoka, popeza ngongole kapena mkangano wa m'banja munthu amagona nazo n'kudzuka nazo, moti thupi limakhala tcheru usana ndi usiku, ndipo zotsatira zake ndi kusowa tulo, kupweteka kwa mutu, kupsa mtima msanga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe thupi lili ndi minyewa ina imene ntchito yake ndi kutsitsa zonsezi, ndipo waukulu mwa iyo, wotchedwa vagus, umachokera m'munsi mwa ubongo n'kutsikira ku mtima, ku mapapo ndi m'mimba. Minyewa imeneyi ikagwira ntchito mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo chakudya chimagayika bwino, kotero njira zonse zokhazika mtima pansi zimayesa kuipatsa mpata.

Chimene chimalepheretsa mpatawo kawirikawiri ndi kuyendayenda kwa maganizo. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni zawo, pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, zimene ankachita ndi zimene ankaganiza. Anapeza kuti pafupifupi 47 pa mayankho 100 alionse ankasonyeza kuti munthuyo ankaganiza zosiyana ndi zimene ankachita, ndiponso kuti pa nthawi zoterozo anthu ankakhala osasangalala kwenikweni. Popeza thupi silisiyanitsa bwino ngozi yeniyeni ndi ngozi yongoganiziridwa, munthu amene wakhala phee pampando akhoza kukhala ndi mtima wothamanga chifukwa cha mlandu wa dzulo kapena fizi ya mwezi wamawa.

Nkhalango za ku Japan

Limodzi mwa mayiko amene anayamba kuona nkhaniyi ngati ya zaumoyo wa anthu onse ndi Japan, kumene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthaka ndi nkhalango, koma anthu ambiri amakhala mothithikana m'mizinda ndipo amagwira ntchito maola ochuluka. Mu 1982, Tomohide Akiyama, amene ankatsogolera nthambi ya boma yoona za nkhalango, anayambitsa chizolowezi chotchedwa shinrin-yoku, chomwe ndi kuyenda pang'onopang'ono m'nkhalango popanda cholinga cholimbitsa thupi kapena chofika pamwamba pa phiri, koma kungopuma mpweya wa mmenemo ndi kulabadira zimene zili pafupi. Nkhalango ya Akasawa, m'chigawo cha Nagano, yomwe ili ndi mitengo yakale ya mtundu wa hinoki yonunkhira utomoni, ndi imene imadziwika kuti kunayambira chizolowezichi. Boma linkafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, zomwe ndi kuthandiza anthu otopa ndi kuwapatsa chifukwa chotetezera nkhalango zawo.

Poyamba panalibe umboni wa sayansi, koma kuyambira cha m'ma 1990 Yoshifumi Miyazaki, amene pambuyo pake anadzakhala pulofesa pa yunivesite ya Chiba, anayamba kuyeza zimene zimachitika m'thupi la munthu ali m'nkhalango. Njira yake inali yosavuta kumvetsa, chifukwa cortisol amapezekanso m'malovu, kotero akhoza kuyezedwa popanda kubaya munthu jakisoni. Mu kafukufuku amene iye ndi anzake anafalitsa mu 2010, anthu 280 anatumizidwa m'magulu ku nkhalango 24 za m'dzikomo, ndipo gulu lililonse linkagawidwa pawiri kuti ena ayende ndi kukhala pansi m'nkhalango pamene ena akuchita zomwezo mumzinda, kenako tsiku lotsatira ankasinthana. Pa masiku a m'nkhalango anthuwo ankapezeka ndi cortisol wocheperako, mtima wogunda mofatsa ndi kuthamanga kwa magazi kotsikirapo, komanso minyewa yotsitsa thupi ija inkagwira ntchito kwambiri kusiyana ndi masiku a mumzinda.

Katswiri wina, Qing Li wa ku Nippon Medical School mumzinda wa Tokyo, anafufuza za chitetezo cha m'thupi, ndipo anapeza kuti anthu amene anakhala masiku atatu m'nkhalango anabwerako maselo awo ena olimbana ndi matenda akugwira ntchito mwamphamvu kwa masiku angapo. Iye ankaganiza kuti mwina chimene chimachititsa ndi fungo limene mitengo imatulutsa podziteteza ku tizilombo, lomwe akatswiri amalitchula kuti phytoncides. Komabe magulu amene anayezedwa anali aang'ono kwambiri, a anthu khumi ndi angapo, kotero zotsatirazo ndi chiyambi cha kafukufuku, osati umboni wakuti nkhalango imateteza munthu ku khansa monga ena amanenera.

Windo la m'chipatala ndi ulendo wa mphindi 90

Ku America, kafukufuku amene anatsegula maso a anthu ambiri ndi wa Roger Ulrich, wofalitsidwa mu 1984 m'magazini ya Science. Ulrich anaunika mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pa chipatala china cha ku Pennsylvania pakati pa 1972 ndi 1981, ndipo theka la odwalawo linagonekedwa m'zipinda zimene mawindo ake ankayang'ana mitengo pamene theka lina linkaona khoma la njerwa. Amene ankaona mitengo anatulutsidwa m'chipatala patatha masiku pafupifupi 8, pamene anzawo anakhalamo masiku oyandikira 9, ndipo oona mitengowo anamwa mankhwala amphamvu oletsa ululu ocheperako. Chiwerengero cha odwala chinali chochepa, koma kafukufukuyu anachititsa kuti omanga zipatala ayambe kuganizira za mawindo ndi minda ya maluwa.

Chifukwa chimene mitengo imapumitsira ubongo chinafotokozedwa ndi Rachel Kaplan ndi Stephen Kaplan a pa yunivesite ya Michigan m'buku lawo la mu 1989 lotchedwa The Experience of Nature. Iwo ananena kuti munthu ali ndi chidwi cha mitundu iwiri, choyamba n'chokakamiza, chimene amagwiritsa ntchito powerengera ndalama, poyendetsa galimoto pamsewu wodzaza kapena pomvetsera mphunzitsi, ndipo chimenechi chimatha mphamvu akachigwiritsa ntchito nthawi yaitali. Chachiwiri n'chongobwera chokha, chimene chimakopeka ndi masamba ogwedera, madzi oyenda kapena mitambo, ndipo popeza zinthu zoterezi zimagwira maso mofatsa popanda kufuna kuti munthu asankhe chochita, chidwi chokakamiza chija chimapeza nthawi yopuma. Msewu wa mumzinda nawonso umakopa chidwi, koma mwaukali, chifukwa hutala ya galimoto imafuna kuti munthu achitepo kanthu msanga.

Mu 2015, Gregory Bratman ndi anzake a pa yunivesite ya Stanford anayesa mfundoyi pa khalidwe lobwerezabwereza maganizo opweteka, lomwe limadziwika kuti limatsogolera ku matenda ovutika maganizo. Anthu 38 anayenda kwa mphindi 90, ena m'dera la udzu ndi mitengo, ena m'mbali mwa msewu waukulu wa magalimoto ambiri. Oyenda m'dera la udzu ananena kuti maganizo obwerezabwereza aja anachepa, ndipo makina ojambula ubongo anasonyeza kuti mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, imene imatanganidwa munthu akamadzidandaulira, inatsika ntchito, pamene mwa oyenda mumsewu simunaoneke kusintha koteroko.

Funso la nthawi yokwanira linayankhidwa pang'ono mu 2019. Mathew White ndi anzake a pa yunivesite ya Exeter anaunika mayankho a anthu pafupifupi 20,000 a ku England n'kupeza kuti amene ankakhala m'malo a chilengedwe kwa mphindi 120 kapena kuposerapo pa sabata ankanena kawirikawiri kuti ali ndi thanzi labwino ndiponso akukhutira ndi moyo, ndipo zinalibe kanthu kaya mphindizo zinakwana pa ulendo umodzi kapena pa maulendo afupiafupi. M'chaka chomwecho MaryCarol Hunter wa ku Michigan, atayeza malovu a anthu 36 okhala m'tauni kwa masabata 8, anapeza kuti cortisol ankatsika mofulumira kwambiri munthu akakhala pamalo otere kwa mphindi 20 mpaka 30.

Kachitidwe kake

Njira yodziwika kwambiri ndi yowerenga chotsitsa kuchokera pa 5 kufika pa 1, ndipo imachitika munthu atakhala kapena ataima pamalo amodzi. Amayamba ndi kutchula mumtima zinthu zisanu zimene akuona, kenako zinayi zimene khungu lake likukhudza, zitatu zimene akumva m'makutu, ziwiri zimene akununkhiza, n'kumalizira chimodzi chimene akulawa. Chinsinsi chake chili pa kutchula mwatsatanetsatane, chifukwa munthu amene wakhala pansi pa mtengo wa mango asangoti akuona mtengo, koma aone tsamba lanthete lofiirira pakati pa masamba okhwima obiriwira, mzere wa nyerere zikukwera m'ming'alu ya khungwa, ndi kadontho ka utomoni komwe kauma pamene nthambi inathyoka. Pomvetsera, asiyanitse kulira kwa pumbwa pafupi ndi kwa njiwa patali, ndipo aone ngati mphepo ikuwomba tsaya lakumanja kapena lakumanzere. Ubongo sungathe kugwira ntchito yosamalitsa yotereyi kwinaku ukubwereza mkangano wa dzulo ndi mphamvu yomweyo, n'chifukwa chake maganizo osautsa amayamba kuzilala.

Njira yachiwiri ndi ya kupuma, ndipo imachokera pa mfundo yakuti mtima umafulumira pang'ono munthu akamakoka mpweya ndipo umatsika akamautulutsa. Munthu akakoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono powerenga mpaka 6, amapuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, ndipo kapumidwe kotere kamathandiza minyewa yotsitsa thupi kugwira ntchito. Njira yachitatu ndi kuyenda mosafulumira, munthu akulabadira mmene chidendene chikufikira pansi, mmene kulemera kwa thupi kukusamukira ku zala ndi mmene nthaka ikusinthira kuchoka pa mchenga kufika pa miyala. Yachinayi ndi kusankha malo amodzi oyandikira kunyumba kapena kuntchito n'kumabwererako kawirikawiri, kufikira munthu atayamba kuzindikira kusintha kwa nyengo pamalopo, monga mitengo ya mombo ikamaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, nyenje zikamalira dzuwa la Okutobala litafika pamutu, kapena fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa.

Pa njira zonsezi maganizo amathawa ndithu, ndipo kuthawako si kulephera, chifukwa ntchito yeniyeni ndi kuzindikira kuti athawa n'kuwabweza mofatsa pa tsamba kapena pa mpweya. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene amayembekezera kuti mtima ukhala pansi pa mphindi ziwiri zoyambirira nthawi zambiri amasiya msanga. Foni iyenera kukhala m'thumba, popeza uthenga uliwonse wolowa umadzutsanso chidwi chokakamiza chimene munthuyo anabwera kudzapumitsa.

Mfundo imeneyi ikuyankhanso funso limene wowerenga wa kumudzi angafunse, lakuti ngati chilengedwe chimachotsa nkhawa, n'chifukwa chiyani mlimi amene amakhala kumunda tsiku lonse amasowa tulo. Yankho lake n'lakuti mlimi akayang'ana mitambo amawerengera masiku amene mvula yadula, ndipo akayang'ana chimanga amafufuza mbozi ndi kuganizira mtengo wa feteleza, kotero munda kwa iye ndi malo a ntchito ndi a nkhawa. Kafukufuku wambiri anachitika pa anthu a m'mizinda ya mayiko olemera, amene nkhalango kwa iwo ndi malo opumulira, choncho zotsatira zake sizingangosamutsidwa popanda kuganizira kusiyana kumeneku. Chimene mlimi ndi wa mu ofesi angagawane ndi luso lopatula mphindi zochepa zoyang'ana chinthu popanda kuchiwerengera phindu kapena chiopsezo.

Kuyenda chopanda nsapato

Pali chiphunzitso china chimene chimagwiritsa ntchito dzina lomweli la grounding, kapena earthing, chomwe chinatchuka ku America kudzera mwa Clint Ober ndi buku la mu 2010 lotchedwa Earthing. Otsatira chiphunzitsochi amati khungu likakhudza nthaka thupi limalandira mphamvu ya magetsi a m'dothi imene imachepetsa kutupa ndi ululu, ndipo pa chifukwa chimenechi amagulitsa mphasa ndi nsalu zapabedi zolumikizidwa ku nthaka ndi waya. Umboni wake ndi wofooka, chifukwa kafukufuku amene alipo anachitika pa anthu ochepa ndipo ena mwa olemba ake anali pa ubale wa zachuma ndi makampani ogulitsa katunduyo. Kuponda udzu wonyowa ndi mame kukhoza kutsitsimula munthu, koma zimenezi zimafotokozeka mokwanira ndi mfundo yakuti mapazi ali ndi minyewa yambiri yomva kukhudza, imene imakokera maganizo ku thupi.

M'mayiko otentha monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, malangizo oyenda chopanda nsapato ayenera kulandiridwa mosamala. M'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi mumakhala ana a njoka zam'mimba za mtundu wina, amene amaboola khungu la kuphazi n'kukakhazikika m'matumbo momwe amayamwa magazi, ndipo m'fumbi la malo ena mumakhala matekenya. M'madzi odekha a m'madambo ndi a m'mbali zina za nyanja mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, kotero kuviika mapazi m'madzi otere si njira yabwino yopumulira. Odwala matenda a shuga, amene mapazi awo nthawi zina samva kupweteka ndipo zilonda zawo zimachedwa kupola, amalangizidwa kuvala nsapato nthawi zonse. Munthu akhoza kupeza phindu lomwelo pogwira khungwa la mtengo kapena mwala wofunda ndi dzanja, atasankha malo osesedwa, kutali ndi chitedze ndi linthumbu, ndiponso osakhala pansi pa mtengo pamene kukuchita ziphaliwali.

Malire a njirazi

Kafukufuku wa nkhaniyi ali ndi zofooka zimene akatswiri eniake amavomereza. Munthu sangabisiridwe kuti ali m'nkhalango, kotero chiyembekezo chake chikhoza kukhudza zotsatira, ndipo pa kafukufuku wofunsa anthu ambiri n'kovuta kudziwa ngati chilengedwe ndicho chimapatsa thanzi kapena ngati anthu athanzi kale ndi amene amatha kupita kokayenda. Ndiponso ulendo wa m'nkhalango umaphatikiza kuyenda, kuwala kwa dzuwa, mpweya wabwino ndi kutalikirana ndi phokoso, zomwe chilichonse pachokha chimathandiza. Njirazi sizibweza ngongole ndipo sizilowa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala, choncho munthu amene wakhala wosasangalala kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amene wasiya kudya ndi kugona bwino, kapena amene akuganiza zodzipha, ayenera kuuza wachibale womudalira ndi kupita kuchipatala mosazengereza.

Ngakhale zili choncho, umboni umene ulipo wakwanira kuti mabungwe ena a zaumoyo achitepo kanthu. Mu 2018 madokotala a pa zilumba za Shetland ku Scotland, mogwirizana ndi bungwe loteteza mbalame la RSPB, anayamba kulangiza odwala ena kuti azikayenda kunja ndi kuyang'ana mbalame monga chowonjezera pa mankhwala awo. Phunziro lalikulu pa zonsezi likupita kwa okonza mizinda, oyang'anira sukulu ndi omanga zipatala, chifukwa mphindi 120 pa sabata zimatheka pokhapokha mitengo ili pamtunda woyendeka ndi miyendo ndiponso pamalo pamene mayi kapena mwana angakhale mopanda mantha. Kumene malo onse opanda nyumba agawidwa kukhala mapuloti ndipo mitengo ya m'mbali mwa misewu yadulidwa, malangizo okhazika mtima pansi m'chilengedwe amangothandiza okhawo amene ali ndi galimoto ndi ndalama zolowera kumalo osungirako zachilengedwe, n'chifukwa chake kusunga mitengo ya pabwalo la sukulu, pa chipatala ndi pamsika kuyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ntchito zina zoteteza umoyo wa anthu.